Madzi akasiya pa mpopi: zochita m'nyumba, pa poloti ndi pa mzere

Madzi akangosiya kutuluka masiku awiri, mafunso amayamba kugwa pa gulu la WhatsApp la kudera kwathu, ndipo amakhala omwe aja. Abwera liti? Tisunge ochuluka bwanji? A pachitsime tingamwe? Nanga kuchimbudzi titani? Popeza ndakhalapo m'komiti ya pa kiyosiki, kanyumba kogulitsira madzi pa ndowa kaja, ambiri amafunsa ine, ndipo kulembera munthu aliyense payekha yankho limodzimodzi kwanditopetsa. Ndilemba pano kamodzi, inu muzingotumizirana.

Malangizo ambiri a kasamalidwe ka madzi amathera pa zoti musasiye mpopi ukutuluka pamene mukutsuka mano. N'zabwino, koma ndi za masiku amtendere. Vuto likafika penipeni, dera limapulumuka kapena kugwa m'ndewu ndi matenda malinga ndi zomwe anthu ake agwirizana pa mzere komanso zomwe achita m'maola oyamba madzi akabwerera. N'chifukwa chake mfundo 6 ndi 7 ndazitalikitsa dala. Zinazo ndidutsa msanga.

1. Dziwani chomwe chavuta

Munthu sungakonzekere bwino usakudziwa ngati vutoli ndi la tsiku limodzi kapena la miyezi. Ku Blantyre madzi ambiri amachokera mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda, ndipo mapampu a magetsi amawakankha kudzera ku Chileka kukwera mtunda wa mamita pafupifupi 800. Damu la Mudi ndi madzi ochokera ku Likhubula ku Mulanje amangoonjezera. Ndiye magetsi akathima nthawi yaitali, madzi nawo amatsatira. Tinaziona mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy: makina opangira magetsi pa Shire anaimitsidwa chifukwa cha zinyalala ndi matope, mapaipi ena anakokoloka, ndipo mvula ili kukhuthuka chonchija mipopi inali gwa. Ku Lilongwe nkhani imadalira madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Mu 2016, chilala chitaphwetsa madamuwo, a Water Board ankapereka madzi mosinthanitsa madera kwa miyezi ingapo.

Choncho funsani: kodi paipi yaphulika, magetsi avuta, kapena madzi achepa kudamu? Paipi yophulika imakonzedwa pa tsiku limodzi kapena awiri. Za magetsi ndi namondwe palibe angakulonjezeni tsiku. Za chilala ndi ulendo wautali, ndipo pamenepo chofunika ndi kudziwa masiku omwe dera lanu limalandira. Mverani chilengezo cha a Water Board pa wailesi kapena pa tsamba lawo la Facebook. Uthenga woyamba ndi mawu akuti "akuti" musautumize kwa ena. Mphekesera yoti madzi sabwera mwezi wathunthu imakweza mtengo wa chigubu dzuwa lisanalowe.

2. Tsekani zonse musanatuluke pakhomo

Mipopi yonse itsekeni, wa kubafa, wa kukhitchini ndi wa panja. Ambiri amausiya wotsegula kuti amve madzi akabwera, kenako n'kuiwala n'kupita kuntchito. Madzi amabwera masana, n'kusefukira m'nyumba, bilu n'kukwera, akumtunda n'kusowa ngakhale dontho. Ngati mukufuna chizindikiro, siyani mpopi umodzi wokha, pansi pake pali ndowa, ndipo pakhale munthu wamkulu pakhomo. Pochoka nonse tsekaninso pa mita, chifukwa mpweya womwe umatsogola madzi akamabwerera umatha kuyendetsa mita. Amene muli ndi giza, thanki yotenthetsera madzi ndi magetsi ija, zimitsani magetsi ake. Giza yopanda madzi imapsa.

3. Werengani anthu, kenako werengani zigubu

Mabungwe othandiza anthu pa ngozi zadzidzidzi amatsata muyezo wa Sphere, womwe umati munthu mmodzi apeze malita osachepera 15 pa tsiku a kumwa, kuphikira ndi ukhondo. Chigubu chachikasu chija, chomwe poyamba munali mafuta ophikira, chimalowa malita 20. Banja la anthu 6 likufunika malita 90, tingoti zigubu 5 pa tsiku. Chimodzi n'chakumwa chokha, popeza munthu amamwa pafupifupi malita 3 kukatentha. Chachiwiri n'chophikira. Chachitatu n'chosamba m'manja ndi kutsukira mbale. Ziwiri zotsalazo n'zosamba ndi kuchapa zofunika kwambiri. Chimbudzi sindinachipatse chigubu chakechake, chifukwa chake muchiona pa mfundo 5.

Onjezerani ngati m'nyumba muli khanda, mayi woyamwitsa, wodwala wogona, kapena amayi ndi atsikana amene ali kumwezi. Za omalizawa palibe amazitchula pa msonkhano, koma amafunika madzi osamba ndi ochapira tsiku lililonse, ndipo bambo wogawa madzi m'nyumba azidziwa zimenezi popanda kufunsa mafunso ambiri.

Sungani a masiku atatu ngati muli ndi zotengera. Kupitirira apo mukuyamba kulanda anzanu. Chigubu kapena mgolo momwe munali mankhwala a mbewu, petulo, dizilo kapena penti musasungiremo madzi akumwa ngakhale mutatsuka motani. Mgolo uliwonse ukhale wovundikira bwino, chifukwa cha udzudzu komanso chifukwa mwana wongoyamba kuyenda akasuzumira amagwera chamutu, ndipo salira.

4. Madzi akumwa akhale ndi malo awoawo

Mpopi ukauma anthu amathamangira ku zitsime zosatetezedwa ndi kumitsinje monga Mudi, Nasolo, Lingadzi ndi Mchesi, momwe mumathera zonyansa za mumzinda. Kolera yomwe inayamba mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Madzi oyera mbee akhoza kukhala ndi kolera, maso sangakuuzeni. Aliwonse omwe sanatuluke pa mpopi wanu nthawi yabwinobwino, kuphatikizapo a pa mjigo omwe ayenda mtunda m'ndowa yosavundikira ndi omwe mwagula kwa anyamata a wilibala, atetezeni musanamwe.

Akakhala amatope, asiyeni akhazikike, muwasefe ndi nsalu yoyera, kenako musankhe njira imodzi. Kuwiritsa: abwadamuke ndithu kwa mphindi imodzi, osangoti atenthe. WaterGuard: kachitsekero kamodzi pa malita 20, mukhutchumule, mudikire mphindi 30, ndipo werengani pa botolo chifukwa madzi akuda amafuna muyezo wochulukirapo. Klorini wosungunula yemwe alangizi a zaumoyo amagawa: thirani muyezo womwe iwo akuuzani, osati womwe aneba akuganiza. Ngati makala ndi mankhwala palibe, thirani madzi osefa m'mabotolo apulasitiki oonekera mkati, osapitirira malita 2, muwagoneke padenga la malata padzuwa maola 6, kapena masiku awiri kukakhala mitambo.

Cholakwika chomwe ndimachiona nyumba zambiri ndi ichi: madzi atetezedwa bwinobwino, athiridwa mu mtsuko kapena ndowa, kenako aliyense akuviikamo kapu yomwe wamwera, zala ndi zala. Ntchito yonse ija yapita pachabe. Gwiritsani chigubu cha kukamwa kwakung'ono chothira mopendeketsa, kapena ndowa ya kampopi. Ngati ndi mtsuko, pakhale chikho chimodzi cha mpini wautali chotungira chokha, chopachikidwa pamwamba pomwe ana safikira.

5. Madzi amodzi agwire ntchito kawiri

Sambani mutaima m'beseni lalikulu, ndi ndowa yaing'ono ndi kapu. Malita 5 amakwana munthu wamkulu. Madzi otsalira m'besenimo ndi omwe apite kuchimbudzi, pamodzi ndi ochapira. Chimbudzi chamadzi chimameza malita 6 mpaka 9 ulendo umodzi, zakale zimaposa apo, ndiye kuthiramo madzi abwino nthawi ngati imeneyi n'kuwononga. Thirani ndi ndowa mwamphamvu kamodzi m'mbale momwemo, osadzaza thanki yake, ndipo mkodzo wokha sufuna kuthira ulendo uliwonse. Madzi ogwiritsidwa kale ntchito asagone masiku awiri, amanunkha ndipo amaswa tizilombo. Ngati pa poloti pali chimbudzi chokumba, gwirizanani kuti nonse muzigwiritsa chimenecho, chikhale ndi chivundikiro, ndipo muzisinthana kusesa.

Mbale zipukuteni kaye ndi chipande kapena pepala musanaziviike, mutsukire m'mabeseni awiri, la sopo ndi lotsukuluzira. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo zamasamba athireni ku mbewu za pakhomo. Nyemba ziviikeni usiku kuti zisadye madzi ndi makala ambiri. Mabulangete, makatani ndi galimoto zidikire.

Pamodzi pokha musaumirepo: kusamba m'manja ndi sopo pochoka kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanaphike ndi musanadye. Mangani mpondagiya pafupi ndi chimbudzi. Kwa osaudziwa, ndi kachigubu ka malita 5 koboola pafupi ndi kukamwa, kopachika pa mtengo, komangirira chingwe ku kamtengo kapansi. Ukaponda kamtengoko, kachigubu kamapendekeka n'kutulutsa madzi pang'onopang'ono, manja osakhudza kalikonse. Ndipo mwambo wozungulitsa beseni limodzi kuti onse asambemo m'manja asanadye nsima, kuyambira bambo mpaka mwana womaliza, usiyeni. Wina azithirira anzake ndi jagi, beseni lizingolandira pansi. Madzi ake ndi ochepa kuposa odzaza beseni, ndipo a m'besenimo akathirabe kuchimbudzi. Pa maliro ndi pa ukwati pomwe anthu ndi ambiri, izi n'zofunika koposa.

6. Khalani pansi ndi aneba tsiku loyamba, mkangano usanabuke

Apa ndi pomwe malangizo ambiri amalumpha, chifukwa kuuza munthu kuti asambe ndi kapu n'kosavuta kusiyana ndi kuuza a landilodi kuti achepetse migolo. Koma taganizani: inu mukusamba ndi malita 5, pamene aneba anu akuthirira kapinga ndi paipi. Mupirira masiku angati? Anthu amadziletsa akaona kuti anzawonso akudziletsa, ndipo akangoona mmodzi akudyerera, onse amathamangira kudzikundikira. Abale athu omwe anali ku Cape Town mu 2018 akudziwa. Kuyambira Febuluwale chaka chimenecho munthu ankaloledwa malita 50 pa tsiku, ndipo akuluakulu a mzinda anachenjeza kuti likafika tsiku lomwe ankalitcha Day Zero mipopi itsekedwa, aliyense azikatunga malita 25 pa malo pafupifupi 200. Anaikanso mapu pa intaneti oonetsa ndi kadontho kobiriwira nyumba zomwe zikusamala madzi. Mzinda womwe mu 2015 unkagwiritsa malita pafupifupi 1.2 biliyoni pa tsiku unatsika kufika cha m'ma 500 miliyoni, ndipo tsiku lija silinafike. Ife mapu a pa intaneti sitikuwafuna. Pa poloti ya nyumba 8 aliyense amaona zigubu za mnzake ndi maso.

Yambani ndi poloti yanu. Musadikire mfumu kapena khansala. Madzulo a tsiku loyamba gogodani khomo lililonse, alendi ndi eni nyumba omwe, mukhale pansi mphindi 20. Ngati a landilodi ali ndi thanki kapena chitsime, apiteni anthu awiri, mmodzi akhale wachikulire, ndipo mupemphe zinthu zomveka. "Bambo, tabwera kudzapempha kuti masiku ano ovutawa nyumba iliyonse izitungako zigubu ziwiri m'mawa, ife tisonkha ya magetsi a pampu." Pempho lotere limayankhika. Mukangoti "tithandizeni madzi", iwo amaopa kuti mudzi wonse ukhamukira pampanda pawo, ndipo amakhoma geti.

Kenako pa kiyosiki kapena pa mjigo. Kiyosiki ndi kanyumba kogulitsira madzi a Water Board pa ndowa, ndipo m'madera ambiri a Lilongwe ndi Blantyre amayendetsa ndi mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi omwe timangowatchula kuti WUA. Mjigo uli ndi komiti yake. Amenewa ndi omwe alengeze malamulo, pamaso pa mfumu ya dera, ndipo alembedwe pa katoni ndi zilembo zazikulu n'kupachikidwa poonekera. Lamulo losalembedwa limasintha malinga ndi nkhope ya wobwera.

Amene anafikapo pa mjigo 4 koloko m'mawa nthawi ya vuto akudziwa momwe pamakhalira. Anthu alipo 10 okha, koma mzere wafika kumsewu: ndowa, mabeseni, mwala, chidutswa cha njerwa, chigubu chong'ambika, chilichonse chikuimira munthu yemwe ali m'tulo kwawo. Kukacha eni ake amatulukira, wina ndi zigubu 8 pa mwala umodzi uja, ndipo mayi yemwe waima pamenepo chiyambire mdima, mwana ali kumsana, amapezeka ali wa nambala 40. Ndewu zambiri zimayambira pamenepa. Ndiye lamulo loyamba: malo amasunga ndi munthu, osati mwala. Wochoka kukayamwitsa kapena kupita kuchimbudzi auze woyang'anira mzere, abwerere pasanathe mphindi 30.

Lachiwiri: zigubu ziwiri pa ulendo, kenako kumbuyo. Masamu ake ndi osavuta. Mjigo wabwino umatulutsa malita pafupifupi 17 pa mphindi. Chigubu chimadzaza pa mphindi imodzi ndi pang'ono, mgolo wa malita 200 umadya mphindi 12, ndipo wobwera ndi migolo 5 pa galimoto watseka mjigo ola lathunthu, nthawi yomwe mabanja oposa 20 akanatunga zigubu zawo ziwiriziwiri. Munthu wotere musamukalipire, ndipo musamusiyire mtsikana wogulitsa pa kiyosiki kuti alimbane naye yekha. Ayankhule ndi wa komiti, modekha, anthu akumva: "Achimwene, takulandirani. Pano tinagwirizana zigubu ziwiri pa ulendo, lamulo lake ndi ilo lapachikidwalo. Migoloyo mubwere nayo 8 koloko usiku mzere ukatha." Mwamupatsa nthawi yake, simunamuchititse manyazi, ndipo lamulo laima. Koma dziwani kuti tsiku lomwe mkazi wa mfumu kapena mlamu wa tcheyamani adzalowerere mzere inu n'kukhala chete, katoni ija ingotsala yokolezera moto.

Lachitatu: okalamba, olumala, amayi oyembekezera ndi osamalira odwala asaime pa mzere. Ndipo musangodikira kuti afike. Alipo agogo okhala okha omwe sangasenze ngakhale ndowa yaing'ono, ndipo sapempha chifukwa cha manyazi. Lembani mayina a nyumba zotere, mugawane, nyumba iliyonse ikhale ndi mnyamata kapena bambo wodziwika woitungira chigubu chimodzi pa tsiku. Mukangoti "tiziwathandiza agogo" osatchula dzina la wothandizayo, ndiye kuti palibe apite.

Ndanena dala kuti mnyamata kapena bambo. Chigubu chodzaza chimalemera makilogalamu 20. Nthawi ya vuto mtunda umatalika, maulendo amachuluka, ndipo ntchitoyi ikasiyidwa kwa amayi ndi atsikana okha, atsikana amajomba kusukulu ndipo amayenda mumdima m'njira zoopsa. Abambo muli ndi njinga, wilibala ndi mapewa. Ngati kutunga usiku sikungapeweke, anthu apite pagulu, ndi tochi, pakhale amuna odalirika. Ndipo woyang'anira mzere aliyense wopempha mtsikana "kucheza" kuti amudutsitse kutsogolo achotsedwe tsiku lomwelo, nkhani ipite kwa mfumu ndi kupolisi.

Lachinayi ndi mtengo. Pa kiyosiki mtengo ndi womwe unalengezedwa, sukwera chifukwa mzere watalika. Anyamata a wilibala ndi a kabaza akugwira ganyu, thukuta lawo liyenera malipiro, koma komiti ikambirane nawo malire, ndipo azinena komwe atunga. Amene wagwidwa akugulitsa a mumtsinje ponama kuti ndi a pa mjigo asaloledwenso kutunga pamalopo.

Lachisanu likhudza amene madzi ndi ntchito yawo: oumba njerwa, omanga nyumba, otsuka magalimoto, a saluni, a malo odyera. Oumba njerwa ndi otsuka magalimoto aime kaye kapena akatunge kumtsinje, pakuti ntchito yawo sifuna madzi akumwa. A malo odyera ndi ophika mandasi musawathamangitse, chifukwa mukawamana madzi abwino adzaphikira oipa ndipo odya ndi inu nomwe. Apatseni nthawi yawo masana mzere ukachepa.

Mjigo nawo usamaleni. Yambiri m'dziko muno ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo ikamapopedwa usana ndi usiku timalabala ta mkati timatha msanga. Alendo ochokera kumipopi asonkheko kandalama ka zipangizo monga amachitira eni mjigo mwezi ndi mwezi. Popopa kokani chogwirira mpaka mmwamba ndi kutsitsa mpaka pansi modekha, osamenyetsa. Madzi akayamba kutuluka pang'ono kapena amatope, upumitseni ola limodzi kuti pansi padzazenso. Ochapa achapire kutali ndi mjigo, ndipo chimbudzi chilichonse chatsopano chikumbidwe mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime kapena mjigo.

Chomaliza pa mfundo imeneyi: kuboola kapena kudula paipi ya Water Board. Anthu amati "tingotungako pang'ono", koma bowo limenelo silitsekeka lokha. Madzi akamayenda limataya, akasiya limayamwa zonyansa za mu ngalande kulowetsa mu paipi yomwe ikupita kunyumba kwanu komwe. Ndi mlandu, ndipo ochita zimenezi amadziwika m'dera. Mukaona paipi yophulika imbirani a Water Board nthawi yomweyo, musaganize kuti wina waimba kale.

7. Madzi akabwerera, musathamangire kudzaza chilichonse

Mpopi ukayamba kutsokomola usiku, nyumba yonse imadzuka, ndipo chilichonse chokhala ndi kukamwa chimatulutsidwa, mpaka mapoto ndi bafa la mwana. Apa ndi pomwe vuto la tsiku limodzi limasanduka la sabata kwa anthu ena. Mapaipi opanda kanthu amayamba kudzaza kumunsi, ndipo madzi amakwera kumtunda pokhapokha akumunsi akatseka mipopi yawo kuti mphamvu ichuluke. Zili ngati nsima ya pa maliro: oyamba kulandira akamaunjika mitanda, akumapeto amangoona mtanga wopanda kanthu. M'madera a m'mapiri ngati Ndirande, Bangwe ndi Chilobwe, wakumunsi akhoza kukhala akuchapa mabulangete pamene wakumtunda, pa paipi yomweyo, mpopi wake ukungopuma mpweya. Nthawi yopereka madzi ikatha, iye sanalandire kalikonse.

Ndiye akumunsi tungani muyezo wa masiku awiri kapena atatu monga tawerengera pa mfundo 3, kenako tsekani. Zochapa zazikulu zidikire mpaka mutamva pa gulu kuti akumtunda alandira. Izi zimatheka ngati pali wina kumtunda wolemba kuti "kuno afika" kapena "kuno sanafike", ndipo wina kumunsi woyenda khomo ndi khomo kupempha anthu kuti atsekeko ola limodzi. Amene muli ndi mathanki akuluakulu, tsekani polowera madzi mu thanki maola oyambawo, mudzadzaze pakati pa usiku. Thanki ya malita 5,000 ndi zigubu 250. Pampu yokoka madzi molunjika kuchokera mu paipi ya Water Board ndiye yoipitsitsa, imayamwa msewu wonse.

Madzi oyamba amatuluka ofiira kapena akuda chifukwa cha dzimbiri ndi matope a mu paipi. Musawataye pansi, ndipo musamwe. Atungireni m'ndowa za kuchimbudzi mpaka ayere. Ngakhale atayera, akumwa muwateteze monga pa mfundo 4 kwa masiku awiri kapena atatu, chifukwa paipi yomwe inakhala yopanda madzi imakhala italowetsa zonyansa m'malo otayikira. Akaoneka oyera ngati mkaka koma n'kuyera okha mukawaika m'kapu kwa mphindi zochepa, umenewo ndi mpweya chabe. Giza muyatse pokhapokha mpopi wa madzi otentha ukutulutsa madzi mosadukiza.

Bawuza ikabwera, galimoto ya thanki yogawa madzi ija, malamulo ndi omwe aja a pa mjigo, ndipo mzere ukhale utakonzedwa isanafike. Ana aang'ono atalikire matayala pamene ikubwerera m'mbuyo.

8. Wina akayamba kutsegula m'mimba

Musadikire kuti kuche. Chimbudzi chamadzimadzi chooneka ngati madzi otsukira mpunga, kawirikawiri pamodzi ndi kusanza, chikhoza kupha munthu wamkulu pa maola ochepa. Yambani kumumwetsa Thanzi ORS nthawi yomweyo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ngati palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Azimwa pang'onopang'ono muli pa ulendo wa kuchipatala, ndipo khanda lipitirize kuyamwa. Zovala ndi zofunda za wodwala musakachapire pa mjigo kapena kumtsinje. Dziwitsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kuti abwere ndi klorini, ndipo auzeni komwe banjalo linatunga madzi, ngakhale chitsimecho chikhale cha munthu amene mumamulemekeza.

9. Zinthu zikabwerera mwakale

Tsukani zigubu ndi migolo ndi sopo kapena klorini, ziume, kenako mudzazenso za masiku atatu. Madzi osungawo muziwagwiritsa ntchito ndi kuthiramo atsopano sabata iliyonse kuti asakhalitse. Konzani mpopi wodontha ndi thanki ya chimbudzi yotayikira. Kuti mudziwe ngati pali potayikira pobisika, tsekani mipopi yonse usiku, lembani nambala za pa mita, muonenso m'mawa musanatsegule kalikonse. Zikasintha, itanani pulambala. Komiti iwerengere anthu ndalama zomwe zinasonkhedwa ndi momwe zagwirira ntchito, ndipo katoni ya malamulo ija ndi mndandanda wa nyumba za agogo zisungidwe kwa mlembi, pamodzi ndi nambala za foni za anyamata omwe ankawatungira.